Kugona m'hema pa gombe la ku Chembe

Ife a kuno ku mapiri a Angónia nyanja timaidziwa ndi pakamwa chabe. Usipa umene amayi amagula pa msika wa ku Ulongwe, ndi utaka wouma umene umabwera m'madengu kudzera ku Dedza ndi ku Lizulu, zonsezi n'zochokera ku nyanja, ndipo tazidya chibadwire chathu. Koma mutafunsa m'mipingo mwathu kuti ndi angati amene anapondapo mchenga wa kumeneko ndi kuona madzi opanda tsidya, manja amene angakwezedwe ndi owerengeka. Chonsecho nyanjayo siili kutali ayi. Munthu wonyamuka ku Ulongwe tambala woyamba, ngati sanachedwe pa chipata cha Calómuè, amaviika mapazi ake m'nyanja dzuwa likadali m'mwamba.

Tikufuna kukusimbirani za malo amodzi a m'mbali mwa nyanjayi, kumene banja lathu lapita katatu kukagona m'mahema pamodzi ndi makolo athu okalamba. Malowo ndi mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi ku Malawi.

Bambo athu anaphunzitsa sukulu zaka zambiri, ndipo analandira reforma m'chaka cha 2021. Inu amene muli ndi makolo opuma pa ntchito mukudziwa m'mene zimakhalira. Mwezi woyamba munthu amakondwa kuti belu silikumulamuliranso. Ikatha miyezi ingapo mumaona kuti dziko lake lachepa: mpando wa pakhonde, wailesi, kumunda, ku maliro, basi. Ndalama ya reforma imatha isanafike, pakuti feteleza akuidikira, mankhwala akuidikira, adzukulu a ku sekondale nawonso akuidikira. Ana akamapita ku maulendo awo amangosiya makiyi, ndipo munthu amene ankaima pamaso pa ophunzira 60 amasanduka mlonda wa nyumba. Kunena za mayi athu, iwo kupuma sakudziwa n'komwe, poti khasu ndi mthiko zilibe reforma.

Tsono ife ana tinapangana kusonkha pang'onopang'ono kuti tiwatenge akaone nyanja. Tinali anthu 11 kuphatikizapo adzukulu, ndipo titawerengera tinaona kuti zipinda za alendo sitingazikwanitse. Koma malo angapo ogona alendo ku Chembe ali ndi bwalo la mchenga pansi pa mitengo, pamene munthu amaloledwa kuimika tenti yake, nalipira mtengo wotsikirapo, namadziphikira yekha. Tinabwereka matenti atatu, tinagula lona imodzi yaikulu, ndipo tinapita kukawauza akuluakuluwo. Bambo anamvetsera mpaka tinamaliza, anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Mwati tikagone mu lona?"

Achinyamata amene anabadwa mtendere utabwera sangamve kulemera kwa funso limeneli. M'chaka cha 1986, nkhondo itafika poipa kuno, midzi yambiri ya Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala, anthu a ku Mozambique amene anali atathawira ku Malawi anali pafupifupi miliyoni imodzi. Ena analandiridwa m'midzi ya abale awo, popeza malirewo anadula pakati pa anthu a mtundu umodzi ndi chiyankhulo chimodzi. Ena anakhala m'misasa. Banja lathu linayamba moyo wa kumeneko pansi pa lona, mvula ikudontha, ife tili tiana. Kwa adzukulu, tenti ndi chisangalalo chimene amachiona pa kanema. Kwa agogo awo, mawu akuti msasa amabweretsa fungo la utsi wa nkhuni zaziwisi, mzere wolandira ufa ndi nyemba, ndi matenda a m'mimba amene anatenga ana ambiri. Munthu amene anakhetsa thukuta zaka zambiri kuti agone pansi pa malata saona nzeru yake yolipira ndalama kuti akagone pa mchenga.

Sitinawakakamize, ndipo tikupempha kuti inunso musadzakakamize nkhalamba pa nkhani yotere. Amene anamasula mfundoyi ndi mayi. Iwo anati, "Ine usipa ndaphika moyo wanga wonse. Ndikufuna ndikauone uli wamoyo." Patapita masiku awiri bambo anatiuza kuti apita nawo, koma kungoperekeza chabe.

Tinanyamuka mu Ogasiti 2022, ana ali pa tchuthi. Chapa inatisiya pa Calómuè, tinadinditsa ziphaso, tinasintha ndalama, ndipo tsidya linalo tinachita hayala minibasi. Kuchokera ku Dedza msewu umalowera kum'mwera, moyandikana ndi malire, kufikira pa Masasa pamene munthu amakhotera kum'mawa. Pamenepo ndiye pamayambira chitsikotsiko chimene anthu amachitcha Khwekhwerere. Dedza ali pamwamba mamita oposa 1,500, pamene nyanja ili pa mamita osafika 500, kotero kuti galimoto imatsika pafupifupi kilomita yathunthu, ikukhotakhota ngati njoka m'mbali mwa phiri. Makutu amatsekeka. Majuzi amene tinavala m'mamawa tinawavula mmodzimmodzi. Minda ya kachewere ndi kabichi imatsala m'mbuyo, ndipo pofika pa Golomoti, podutsa njanji, munthu amapezeka ali m'dziko la milambe, la mpweya wofunda ndi nthaka yotuwa. M'mbali mwa chitsikocho muli amisiri osema timagalimoto ndi tinjinga ta matabwa. Amene muli ndi adzukulu, dziwiranitu kuti simudzadutsa osaima.

Kuchokera pa Golomoti msewu umayenda m'chigwa kulunjika ku Monkey Bay, koma musanalowe m'tauniyo mumakhotera kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 pakati pa mapiri a miyala ndi nkhalango. M'njira imeneyi muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama yopingasana ngati wina anachitema ndi lumo, chonsecho si ntchito ya manja a munthu. Adzukulu sanadziwe kuti mphini n'chiyani. Anganga awo anawakhazika pansi, nawafotokozera za mphini zimene mayi awo owabereka anali nazo pamphumi ndi m'masaya, zimene atsikana akale ankadzikongoletsa nazo. Tinakhala pamwalapo nthawi yaitali kuposa imene woyendetsa galimoto anafuna.

Mapiri amenewa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene boma la Malawi linakhazikitsa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Si malo aakulu: ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, kuphatikizapo mapiri, zilumba, ndi madzi a m'mphepete kufikira mamita 100 kuchokera pa gombe. Wopita kumeneko asayembekeze njovu kapena mikango. Chimene chikutetezedwa makamaka ndi nsomba. Midzi ya asodzi imene inalipo kale, monga Chembe ndi Msaka, inasiyidwa pomwepo, yozingidwa ndi malo otetezedwawo. Dzina lakuti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Koma anthu a kumeneko mukawafunsa kwawo, amati ku Chembe.

Msewu ukamatuluka m'mapiri, nyanja imangoti mbee kutsogolo. M'litali mwake ndi makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kuli malo akuya mamita pafupifupi 700, koma manambala amenewa sathandiza munthu amene akuiona koyamba. Mayi anagwira pakamwa. Bambo sananene kanthu, anangovula chipewa.

Titafika pabwalo paja, adzukulu akuluakulu anathamangira kukaimika matenti, iwo ndiwo odziwa poti anaonera pa foni. Koma zikhomo zachitsulo sizigwira mu mchenga. Akakhoma kuno, uko zazuka. Unali mwezi wa mwera, mphepo ya kum'mwera imene imaomba m'nyengo yozizira, ndipo ngakhale mapiri amatchinga Chembe, madzulo imatsikabe mwamphamvu. Lona ija inangoti phaphapha, n'kukakodwa mu mtengo. Agogo awo anali atakhala poteropo pa chigubu, akuyang'ana. Mwadzidzidzi anaimirira, napinda manja a malaya. Anatuma mmodzi kukatola timitengo tolimba totalika ngati mkono, nawaonetsa kumanga chingwe pakati pa kamtengo, kukumba dzenje, kugoneka kamtengoko chopingasa ndi kukakwirira, n'kupondapo. Anatembenuza makomo a matenti onse kuti afulatire mphepo. Lona anaitsitsa mbali imodzi mpaka pansi kuti mphepo izikwera pamwamba pake m'malo molowa kunsi. Pasanathe ola limodzi msasa unali utaima nji, ndipo sunagwedezeke masiku onse atatu.

Mdzukulu wina anafunsa kuti, "Agogo, zimenezi munaphunzira kuti?" Iwo anati, "Tidye kaye."

Usiku wa ku Chembe uli ndi chinthu chimene kuno ku mapiri kulibe. Mdima ukangogwira, makamaka mwezi ukakhala kuti palibe, pa nyanja pamayaka nyali zambirimbiri zondandalikana, ngati mzinda umene wamera pa madzi. Amenewo ndi asodzi a usipa. Usipa umatsata kuwala, tsono bwato limodzi limanyamula nyali n'kuima kufikira nsomba zitasonkhana, kenaka mabwato ena amazinga ndi khoka lotchedwa chilimila, n'kukoka. Ntchito imeneyi imatenga usiku wonse, pa madzi ozizira ndi mafunde osadalirika. Kuyambira tsiku limenelo sitinadandaulenso za mtengo wa kambale ka usipa pa msika.

Pamene tinali kuyang'ana nyalizo, nsima itatha, mbaula ikuzilala, bambo anayamba kuyankha funso lija. Anasimba za usiku umene tinachoka kumudzi, za njira za m'madambo zimene tinadutsa popewa msewu, za satifiketi yawo ya uphunzitsi imene mayi anaisokerera m'chitenje. Anasimba m'mene mkulu wina wa pamsasa anawaphunzitsira kukwirira kamtengo, mphepo itaulutsa lona yathu usiku wachiwiri. Ife ana awo zina tinkazikumbukira mwa apo ndi apo, koma kuzimva zonse mwa ndondomeko kuchokera pakamwa pawo kunali koyamba. Panyumba sankazikamba. Mwina makoma a njerwa amathandiza munthu kutsekera zinthu. Pansi pa lona panalibe potsekera. Kamtsikana ka zaka 9 kanafunsa kuti, "Agogo, simunkaopa?" Iwo anati, "Ndinkaopa, mdzukulu wanga. Koma amalume ako anali kumsana kwa anganga ako, bambo ako ndili nawo pa dzanja, ndiye mantha ndinawaika m'thumba." Kenaka anagwira chingwe cha lona, nati, "Iyi ndi yabwino. Ili ndi tsiku lopasula. Ija sitinkadziwa kuti tidzaipasula liti." Banja lathu linabwerera kuno mu 1993, patatha zaka 7.

M'mawa gombe la Chembe ndi malo a ntchito, ndipo mlendo ayenera kudziwa zimenezi. Mabwato amakocheza dzuwa likamatuluka, ogula akudikira ndi mabeseni. Usipa wina amaufutsa, wina amauyanika wauwisi pa matandala ataliatali a bango amene afola m'mbali mwa mudzi. Amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, ana akusambira, amuna akusoka maukonde pamthunzi. Mchenga umene alendo amagonapo pofuna dzuwa ndi bwalo, chitsime ndi msika wa eni mudzi. Chifukwa chake tinauza ana athu kuti apatse moni, avale modzilemekeza, ndipo asamajambule anthu osapempha. Mbali ina ya gombe kuli malo omwera mowa amene nyimbo zake zimafika pakati pa usiku. Banja lokhala ndi okalamba lifunsiretu bwalo la kumbali yabata lisanatsitse katundu.

Mayi anazimiririka m'mamawa ndithu. Tinakawapeza atakhala pa mphasa pakati pa amayi ofutsa usipa, akucheza ngati anadziwana kale. Anawaphunzitsa kusiyanitsa usipa wa lero ndi wa dzulo poyang'ana maso ndi mimba, ndipo iwo anawafotokozera m'mene timasungira kachewere kuti asamere. Anabwerako ndi beseni la usipa wonyezimira ngati ndalama zasiliva, nauphika ndi tomato ndi mchere basi. Amene munadya usipa wouma wokhawokha simunaudziwebe usipa.

Tsiku lachiwiri tinachita hayala boti kupita ku chilumba cha Thumbi, chimene chimaonekera pafupi kutsogolo kwa mudzi. Apa tikulangizeni mosapita m'mbali: musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa, ndipo mwini boti akati lero nyanja yakwiya, mumvereni. Ife a ku mapiri ambiri sitidziwa kusambira, ndipo mwera sucheza ndi munthu. Pa miyala ya m'mbali mwa chilumbacho madzi ndi oyera kotero kuti pansi pamaoneka, ndipo m'menemo muli tinsomba totchedwa mbuna, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tina tamawangamawanga. Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, mitundu mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimakonda miyala ndipo siziyenda kutali pa mchenga, kotero chilumba chilichonse chimakhala ndi mitundu yakeyake. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo masiku onsewo imadya pang'ono kapena osadya n'komwe. Mayi atamva zimenezi anagwedeza mutu, nati nkhaniyo akuidziwa. Anazitcha nsomba zovala zitenje. Anafunsanso ngati zimadyedwa, ndipo atauzidwa kuti kuwedza pamenepo n'koletsedwa anati n'chimodzimodzi, poti sangathe kuika m'poto chinthu chokongola chotero. Pobwerera, mwini boti anaimba likhweru naponya kansomba pa madzi, ndipo nkhwazi inatsika kuchokera mu mtengo wa pachilumba, n'kukatola osanyowetsa ngakhale nthenga.

Kumapeto kwa mudzi, cha ku Otter Point, munthu akalipira pa chipata cha malo otetezedwa amafika pa manda a amishoni, m'tsinde mwa phiri pakati pa miyala ikuluikulu. Pa 12 Okutobala 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inalowa m'nyanjayi kuchokera mu mtsinje wa Shire, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu polambalala mathithi. Inabweretsa amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws, ndipo pano ndi pamene anamanga Livingstonia yoyamba. Malowo anawakopa chifukwa cha doko lake labwino, koma malungo anawasautsa. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachikuda wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, chaka chimene mishoni inasamukira ku Bandawe. Ku Khondowe inakafika mu 1894. Anzawo a ku South Africa amene anatsegula Mvera mu 1889 anayamba ndi kugwira ntchito limodzi ndi a Livingstonia, ndipo a mishoni yomweyo ndiwo anadzafika kuno ku Mphatso mu 1909. Bambo anaima nthawi yaitali pamandapo. Chimene chinawakhudza ndi mphunzitsi uja, mnyamata amene anachoka kwawo kutali, naphunzitsa ana a eni dziko nthawi yosakwana chaka chimodzi. Anatifunsa kawiri konse kuti titchulenso dzina lake, naliloweza.

Matenda amene anathamangitsa amishoni aja sanasamuke. Aliyense agone m'neti, ngakhale m'kati mwa tenti, ndipo amene watentha thupi atabwerako apite kukayezetsa tsiku lomwelo. Koma nthenda imene anthu a ku mapiri saidziwa bwino ndi likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, timatuluka n'kulowa pa khungu la munthu amene akusamba, popanda iye kumva kanthu. Mazira ake amatuluka mu mkodzo wa wodwala, ndipo akakodzera m'madzi amabwereranso ku nkhono. Gombe la Chembe ndi limodzi mwa malo odziwika ndi nthendayi, ndipo ofufuza anaona kuti inawonjezeka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kusodza mopitirira muyeso. Madzi kuoneka oyera si umboni wakuti ndi abwino. Kuletsa ana kulowa m'nyanja n'kosatheka, ndipo ife sitinayese n'komwe. Chimene tinachita n'kupewa malo a mabango ndi a madzi odekha pafupi ndi mudzi, ndipo patapita miyezi iwiri tonse tinapita ku chipatala kukafotokoza kumene tinali. Mankhwala ake alipo, otchedwa praziquantel, ndipo mlingo wake amaupima ndi a chipatala molingana ndi thupi la munthu.

Palinso akuba a miyendo inayi. Anyani ndi apusi a kumeneko anazolowera alendo, ndipo amadziwa kutsegula thumba. Tsiku lina nyani wamkulu anatenga buledi wathu yense pamaso pa anthu asanu, nakakhala pamwala n'kumadya mosafulumira. Chakudya chizikhala m'ndowa yotseka, mwala pamwamba.

Za okalamba eni ake, zofunika ndi zazing'ono koma zosati n'kuiwala. Mphasa yokha siikwanira kwa munthu wa msana wopweteka. Tinanyamula matiresi awiri, ngakhale anatidyera malo m'galimoto. Tenti yawo ikhale pafupi ndi chimbudzi, njira yake yopanda zingwe, tochi ili pamutu. Mpando wokhala ndi chotsamira ndi wofunika kuposa wailesi. Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi akhale m'thumba la m'manja, osati pansi pa katundu. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa kwa munthu wozolowera mphepo ya ku Domue. Nyengo yozizira ndiyo yabwino. Ndipo koposa zonse, ulendo uyende pa liwiro la nkhalamba. Achinyamata amafuna kuona zonse tsiku limodzi. Bambo athu ankatha m'mawa wonse atakhala pansi pa mtengo ndi mkulu wina wosoka ukonde, akukambirana za mvula, za mitengo ya zinthu ndi za ana a masiku ano, ndipo madzulo ankanena kuti tsiku layenda bwino.

Tikudziwa kuti ena powerenga akuti izi n'za anthu a ndalama. Ndalama imafunikadi, ndipo pali mabanja amene ngakhale atasonkha chaka chonse sangakwanitse, amenewo sitikuwaweruza. Koma ntchito yathu imatifikitsa pa maliro ambiri, ndipo timaona zimene zimachitika. Ana amene kwa zaka khumi analephera kupeza ya thiransipoti yodzaonera bambo awo, tsiku la maliro amafika onse, wina kuchokera ku Tete, wina ku Beira, wina ku Johannesburg. Bokosi limakhala lonyezimira, ng'ombe imagwa, ndipo chaka chamawa amasonkhanso za chiliza. Ndalama imene banja lathu linaononga masiku atatu ku nyanja sinafike pa mtengo wa bokosi lotero. Nthawi ya mphamvu ya munthu wopuma pa ntchito ndi yaifupi kuposa m'mene ana ake amaganizira. Mawondo sadikira kuti nyumba ya m'tauni ithe kumangidwa.

Mu 2023 amene anayamba kufunsa za ulendo ndi bambo omwe aja ongoperekeza. Anali atasema kale timitengo tawo tokwirira, atatimanga m'kamtolo. Ulendo umenewo anatenganso mlamu wawo, wamasiye, amene chimwalirire mkazi wake sanatulukepo m'mudzi. Mu 2024 tinapeza nyanja itasintha. Chaka chimenecho madzi anakwera kwambiri kuposa zaka zambiri za m'mbuyo, nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'madera a Mangochi ndi ena a m'mbali mwa nyanja. Mchenga umene tinaimikapo matenti poyamba unali utachepa, ndipo tinasunthira kumtunda pafupi ndi mpanda. Ulendo womwewo mayi sanathenso kukwera boti. Mawondo anali atayamba kuwavuta, ndipo njira ya ku manda ija, imene zaka ziwiri m'mbuyomo anaiyenda akuseka, anaisiyira pakati. Anakhala pa mpando m'mphepete mwa madzi, mapazi ali m'mafunde, adzukulu akuwabweretsera zigoba za nkhono kuti asankhe zokongola. Kuchokera pamenepo sitinapitenso.

Koma bambo sanaleke. Monga mphunzitsi, anakumbutsa adzukulu kuti nyanja yomweyi ili ndi gombe la kwathu, ku chigawo cha Niassa, kumene timaitcha Lago Niassa, ndi kuti mu 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathuyo pansi pa chitetezo. Kumeneko kuli Metangula, kuli mchenga wa ku Chuwanga, kuli mishoni yakale ya Anglican ku Messumba, ndipo anthu ake amayankhula Chinyanja chimene ife tingamve popanda womasulira. Njira yake kuchokera kuno ndi yodutsanso m'Malawi: ku Mangochi, kuoloka malire pa Chiponde kulowa ku Mandimba, kukwera mpaka ku Lichinga, kenaka kutsika makilomita oposa 100 kufika ku nyanja. Kwa anthu okalamba ndi ulendo wa masiku awiri, kugona panjira. Bambo ajambula mapu ake pa tsamba la kope, ndi malo opumira olembedwa ndi inki yofiira. Mayi akuti ngati kukapezeke mpando ndi mthunzi apita. Ife ana tayambanso kusonkha, ndipo kamtolo ka timitengo kaja kali pamwamba pa kabati m'chipinda chawo.